Chisoni ndi kutaya mtima: kodi ndi chinthu chimodzi?

Mphunzitsi wa ku Katete: Abale anga a pagulu lino, ndithandizeni. Kodi chisoni ndi kutaya mtima ndi chinthu chimodzi? Nanga nkhawa, kukhumudwa, kusweka mtima ndi kugwa mphwayi zikulowa pati? Ndikufunsa chifukwa ana a m'kalasi mwanga akamalemba nkhani amangoti "anamva chisoni" paliponse. Mbuzi yatayika, anamva chisoni. Mayi amwalira, anamva chisoni. Mnyamata walephera mayeso mpaka kulakalaka imfa, anamvanso chisoni. Mawu tili nawo ambiri, koma m'kamwa mwa ana mwatsala limodzi. Inu akuluakulu mumawasiyanitsa bwanji?

ANaPhiri a ku Chadiza: Si chimodzi ayi, aphunzitsi. Chisoni chimakhala ndi amene ukumulira. Ukhoza kumutchula: mwamuna wanga, mwana wanga, mlongo wanga. Wachisoni amadzuka m'mawa, amasesa pabwalo misozi ili chuchuchu, amasonkha moto, amapita kudimba akulira. Moyo akuufunabe, koma ukumuwawa. Wotaya mtima ndi wina. Iyeyo khasu saligwira, ndipo ukamufunsa amati ndilimirenji. Sakuona mawa. Mwinanso salira n'komwe.

A Tembo a ku Petauke: Amayi mwanena zoona. Ndiwonjezepo kuti chisoni chimayenda mbali ziwiri. Pali kumva chisoni pa zimene zakugwera iwe, palinso kumvera mnzako chisoni. Taonani, tikati uyu ndi munthu wopanda chisoni sitikunena kuti ndi wosangalala. Tikunena kuti ndi wankhanza, woti angaone mwana akulira ndi njala iye n'kumadya. Choncho liwu lomwelo limene limatchula kuwawa kwa mumtima mwako ndi limenenso limakutuma kupita kwa mnzako. Makolo sanazilekanitse ziwirizi. Anawo muwauze zimenezi poyamba.

A Nyirenda a ku Lundazi: Kwathu kuno m'Chitumbuka timati chitima. Mukalimvetsera bwino, mtima uli m'kati mwake. Ndipo nalonso limagwira mbali ziwiri zomwe anena a Tembo.

Mphunzitsi wa ku Katete: Zikomo. Nanga enawo? Lolemera kwambiri ndi liti?

Mkulu wa mpingo wa ku Kasenengwa: Ndiyeseko momwe ndimawamvera. Kugwa mphwayi kapena kugwa ulesi ndi kopepuka. Wafesa nthanga za tomato, nkhuku zapalasa, wafesanso zapalasanso, wagwa mphwayi. Koma mnzako akakubwereka waya wotchingira, mawa lomwe ufesanso. Kukhumudwa kumachokera kwa amene unamudalira, kapena kwa chinthu chimene unachiyembekezera. Nkhawa ndiye imayang'ana kutsogolo, ku zimene sizinafike: mwana ali m'chipatala, fizi sinapezeke, mvula yachedwa. Wankhawa sagona, koma kusagonako kukuonetsa kuti akufunabe njira. Kuthedwa nzeru ndi pamene njira zonse waziyesa. Kusowa pogwira ndi pamene ngakhale munthu womudandaulira palibe. Kutaya mtima kumabwera pambuyo pa zonsezi, ndipo ndiko koopsa, chifukwa munthu wasiya ndi kufunafuna komwe.

Kusweka mtima ndimakuika pambali. Kumabwera mwadzidzidzi, foni ikalira usiku. Chakudza sichiimba ng'oma. Koma wosweka mtima sikuti wataya mtima.

Wa njinga wa ku Kapata: Atate, mawu amenewa ndi abwino koma ine ndinene zoona. Pa siteji pomwe timadikira makasitomala sindinamvepo mnyamata akunena kuti "ndataya mtima." Sizituluka. Timati ndatopa. Timati zandivuta, mutu sukugwira, zinthu sizikuyenda. Ukamufunsa muli bwanji amati tilipo, basi. Liwu loti kutaya mtima timalimva kutchalitchi ndi kumaliro, ndipo nthawi zonse limabwera lokana: musataye mtima. Ndiye amene wautaya kale anene kuti chiyani? Wauzidwa kale kuti chimene chili mwa iyeyo n'choletsedwa.

A Tembo a ku Petauke: Mnyamata uyu wagunda pamene pali nkhani. Ndakhala ndikuganiza kuyambira pamene ndawerenga, ndipo inenso sindikukumbukira munthu wamkulu akudzinenera yekha mawu amenewa pamaso pa anthu. Timanenera ena. Uje wataya mtima, uje sakuonekanso kumunda.

ANaPhiri a ku Chadiza: N'chifukwa chake amayi athu ankayang'ana thupi, osadikira pakamwa. Mwana akakhala pakhonde atagwira tsaya ankamuchotsa dzanja n'kumufunsa kuti wafedwa ndani. Munthu akamabwera m'njira manja ali kunkhongo, mudzi wonse unkadziwa kuti kwagwa zovuta asanatsegule pakamwa. Palinso timawu tija timene ana a masiku ano sakutidziwa. Ali khuma, ndiye kuti wakhala mutu uli pansi, sakulankhula ndi munthu. Ali ndwii, pamenepo pali kakukwiya pang'ono. Anangoti kakasi, wasowa chonena ndi chochita. Kulira nakonso kuli mitundu. Kusisima ndi kwa pansipansi, mapewa akugwedezeka. Kubuula ndi kwa ululu. Kubuma ndi kwa maliro, kokweza, kumene amayi amachita polowa pakhomo la siwa, akutchula malemu ndi kufunsa kuti atisiyira yani. Kuusa moyo kulibe misozi, ndi mpweya chabe, koma munthu akamausa moyo kawirikawiri pamene mukudya nsima, mufunseni.

Aphunzitsi, lembani timeneti pabolodi.

Mphunzitsi wa ku Katete: Ndalemba kale amayi. "Ali khuma" ndinalimva komaliza kwa ambuya anga.

Amake mapasa a ku Mchini: Ine ndili ndi mawu amodzi amene ndikufuna tiwaunike, oti limbani mtima. Amuna anga atamwalira, thupi lisanachoke ndi kumochale komwe, anthu anayamba kale kundiuza kuti limbani mtima, ganizirani ana. Ndikudziwa kuti ankanena mwachikondi. Koma m'makutu mwanga zinkamveka ngati akuti tontholani msanga, mukutivutitsa. Ndinayamba kumeza misozi kuti ndiwasangalatse. Usiku anthu akagona m'pamene ndinkalowa kubafa kukalira.

Amene ananditonthoza ndi amayi ena okalamba a m'dera lathu. Analowa, anagwada, anandigwira dzanja n'kunena kuti pepani mwanawe. Sanawonjezere kanthu. Anakhala pamphasa pambali panga, miyendo atatambasula, mpaka dzuwa kulowa. Maliro atatha, anthu onse atabalalika, ankabwerabe m'mawa kudzatsuka mapoto ndi kuwasambitsa mapasa. Tsiku lina patapita miyezi m'pamene anati, "Tsopano limba mtima, tiye kumsika ukayambenso kugulitsa." Tsiku limenelo mawuwo ndinawalandira, chifukwa anachokera kwa munthu amene anandilola kulira.

Mkulu wa mpingo wa ku Kasenengwa: Amayi, pepani ndithu. Mwanena chinthu chimene ife oima kutsogolo tiyenera kuchimva. Pamaliro timakonda kuwerenga 1 Atesalonika 4:13, pamene Paulo akuti tisalire monga ena amene alibe chiyembekezo. Ambiri amamva mbali yoyamba yokha, n'kumauza anamfedwa kuti Mkhristu salira. Si zimene lembalo likunena. Likusiyanitsa kulira kokhala ndi chiyembekezo ndi kulira kopanda chiyembekezo, zomwe ndi zimene aphunzitsi afunsa. Pamanda a Lazaro Yesu analira. M'Baibulo muli buku lathunthu lotchedwa Maliro. Abwenzi a Yobu anakhala naye pansi masiku 7 osalankhula, ndipo analakwitsa atayamba kufotokoza chifukwa chimene mavuto amugwera. Eliya, mneneri wamkulu, anakhala pansi pa kamtengo m'chipululu n'kupempha kuti afe. Mngelo sanamudzudzule. Anamupatsa mkate ndi madzi, n'kumusiya agone.

A Nyirenda a ku Lundazi: Koma akulu, tisawataye mawu oti limbani mtima. Pali nthawi imene munthu afunika kuwamva. Mwana wamkulu wa malemu amene akuyendetsa za bokosi, galimoto ndi chakudya cha anthu, akagwa iyeyo zonse zaima.

Amake mapasa a ku Mchini: Sindikuti tiwataye, a Nyirenda. Ndikuti ali ndi tsiku lake. Ndipo mwana wamkuluyo nayenso wafedwa. Maliro akatha ndani amamufunsa?

A Tembo a ku Petauke: Pa liwu loti pepani, ndaona achinyamata ena ophunzira akuyankha kuti "simunalakwe ndinu." Zimandiwawa. Pepani wa pamaliro si wovomera mlandu. Ndi womwe timanena mwana akapunthwa pa chitsa ife tili patali. Tikunena kuti ululu wakowo ndauona, ndipo sindikudutsa. Ndalama kapena ufa umene timapereka timautcha chipepeso pa chifukwa chomwecho.

Ndipo taonani momwe chisoni cha maliro tinachikonzera malo. Mipando imatulutsidwa m'nyumba, amayi amakhala m'kati pamphasa ndi namfedwa, abambo panja pamoto usiku wonse. Akwaya amaimba mpaka mbandakucha. Adzukulu amalawirira kumanda. Kuno ku Zambia tilinso ndi chimbuya, pamene anzathu Achibemba amabwera pamaliro a ife a kum'mawa n'kutipaka ufa kumaso, kutinyoza, kugwira ntchito ndi kusonkhetsa ndalama, ifenso timatero kwawo. Mlendo amadabwa kuti anthu akuseka bwanji pamaliro, koma amenewo ndi amene amachititsa kuti wofedwa apumeko pang'ono ndi kudya. Kumidzi ya Achewa, akamwalira munthu wa kudambwe, gule amatuluka kudzaperekeza. Palibe amene amasiyidwa yekha ndi mtembo. Maliro n'kulirana.

Mlimi wa ku Sinda: Ndakhala ndikuwerenga chete, koma apa ndilankhule. Zonse mwanenazi ndi za munthu amene wafedwa. Nanga amene sanafedwe koma zonse zamuthera?

Chaka cha 2024 simunachiiwale. Ine ndinabzala bwino, feteleza wina wa FISP, pulogalamu ya boma yothandiza alimi, wina ndinatenga pa kaloba. Chimanga chinamera chobiriwira, chinafika m'chiuno, china chinayamba ngayaye. Kenako mvula inadula. Masamba anayamba kupotana m'mawa, pofika masana munda wonse watuwa. Ndinkapita kumunda tsiku lililonse popanda chokachita, kungoima pakati pa mizere n'kumayang'ana kumwamba. Pa 29 February a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, koma mwini kaloba sanachotsepo ngakhale ngwee imodzi. Ndinagulitsa ng'ombe yolimira pamtengo wolira. Mwana wanga wamkazi anabwerako kusukulu yogonera komweko.

Palibe amene anabwera kudzanena pepani. Sindikuwaimba mlandu, chifukwa nawonso minda yawo inali chimodzimodzi. Koma panalibe mphasa, panalibe moto wa usiku, panalibe kwaya. Mwamuna sungabume chifukwa cha chimanga, angakuseke. Ndinasiya kupita kutchalitchi, ndinasiya kumeta ndevu, ndinkagona masana. Akazi anga akandifunsa ndinkati ndi malungo. Panali usiku wina umene ndinaganiza kuti ana angakhale bwino popanda ine. Lero ndikutha kulemba kuti ndinataya mtima, koma nthawi imeneyo liwulo silinandifikire n'komwe. Ndinkangoti ndatopa, monga wanenera mnyamata wa njinga.

Anandidzutsa ndi alamu anga. Anabwera ndi keni ndi nthanga za repu, n'kunena kuti padambo pawo pali kachitsime kosaphwa, tikalime limodzi. Sanandifunse zambiri tsiku loyamba. Tili kuthirira m'pamene ndinayamba kuwauza, pang'onopang'ono.

ANaPhiri a ku Chadiza: Pepani bambo. Pepani ndithu. Mwachita bwino kulankhula.

A Nyirenda a ku Lundazi: Pepani achimwene. Alamu anuwo Mulungu awadalitse.

Mkulu wa mpingo wa ku Kasenengwa: Bambo, mwatiphunzitsa. Chaka chimenecho tinapempherera mvula Lamlungu lililonse, koma sitinayende khomo ndi khomo kukaona abambo amene anasiya kubwera. Tinkati agwa ulesi pa za Mulungu.

Namwino wa ku Chipata: Bambo a ku Sinda, zikomo chifukwa cholimba mtima kunena zimenezi pagulu. Ndilankhuleko monga munthu wogwira ntchito kuchipatala. Anthu otaya mtima amabwera kwa ife kawirikawiri, koma sabwera ndi dzina limenelo. Amati mutu sukusiya, mtima ukuthamanga, thupi lonse likuphwanya, tulo sindikupeza, nsima sikulowa. Timayeza malungo, palibe. Timayeza BP, ili bwino. Ukakhala naye pansi n'kufunsa kuti kunyumba kuli bwanji, m'pamene amati, "Ndimaganiza kwambiri." Mawu amenewa muwasunge, aphunzitsi. Ku Zimbabwe anzathu Achishona amati kufungisisa, tanthauzo lake lomwelo, ndipo kumeneko anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi pafupi ndi kiliniki n'kumamvetsera anthu oterewa. Ntchitoyo imatchedwa Friendship Bench, ndipo yathandiza ambiri.

Chisoni cha maliro si matenda. Munthu akhoza kulira miyezi, n'kumalota malemu, n'kumamva ngati amva mawu awo panja. Zimenezi n'zachibadwa. Chimene chimatidetsa nkhawa ndi pamene milungu ikupita munthu osadya, osagona, osasamba, zimene ankazikonda sakuzifunanso, akudziona ngati katundu kwa abale ake. Amenewo ndi matenda a maganizo ndipo amachizika, ena ndi uphungu, ena ndi mankhwala.

Palinso mawu amene mukawamva musawaseke. "Mudzandifuna." "Muwasamale ana anga." "Ndikufuna ndikapumule." "Bola ndikanapanda kubadwa." "Posachedwa ndisiya kukuvutitsani." Makamaka ngati munthuyo wayamba kugawa zinthu zake, kapena ngati anali wovutika kwambiri kenako mwadzidzidzi wangoti zii ngati zonse zatha. Mufunseni mosapita m'mbali: kodi ukuganiza zodzipha? Musamusiye yekha, ndipo mankhwala a m'munda muwachotse m'nyumba n'kuwatsekera kwina. Pali nambala zaulere, 933 ya Lifeline ndi 116 ya ana.

A Nyirenda a ku Lundazi: Anamwino, pamenepo pokha ndikukayika. Kumufunsa munthu choncho si kumupatsa nzeru imene analibe? Kwathu liwu limenelo sititchula n'komwe.

Namwino wa ku Chipata: Ambiri amaopa zomwezo, a Nyirenda, koma kufunsa sikuika maganizowo mwa munthu. Amene alibe amangoti ayi. Amene ali nawo nthawi zambiri amapepukidwa kuti wapezeka womufunsa, chifukwa wakhala akuwasenza yekha. Chimene chimapha ndi chete. China chimene chimathawitsa anthu ndi liwu loti misala. Ukangoti tiyeni mukaonane ndi a za maganizo, munthu amati mukufuna kunditumiza ku chipatala cha Chainama ku Lusaka, ine sindine wamisala. Lamulo lakale la nthawi ya atsamunda linkatchula odwala maganizo ndi mayina onyoza, ndipo linalowedwa m'malo ndi lamulo latsopano mu 2019. Koma m'kamwa mwathu mayina onyozawo akadalimo. Mlimi amene chimanga chake chapsa ndipo sakugona si wamisala.

Mlimi wa ku Sinda: Akanandifunsa mwachindunji usiku umene uja ndikanavomera. Ndinkafuna wina afunse.

Amake mapasa a ku Mchini: Palinso chisoni china chimene sitichipatsa malo, cha amayi amene apita padera kapena mwana wabadwa wakufa. Kumudzi kwathu amati nthayo. Amakaika amayi okhaokha, mwakachetechete, ndipo mayiyo amauzidwa kuti asalire. Mng'ono wanga zinamuchitikira. Anabwera kunyumba ndi beseni ndi matewera amene anagula, mabere akutuluka mkaka, anthu n'kumangoti udzabereka wina. Palibe amene anati pepani. Mpaka lero amadziwa kuti mwanayo akanakhala mu giredi yanji.

ANaPhiri a ku Chadiza: Mwambo umenewo ndikuudziwa, ndaperekezapo kangapo. Akuluakulu ankati mwanayo sanalowe m'mudzi, ndipo ankaopa kuti mayi akalira kwambiri sadzaberekanso. Ndikuganiza kuti ankafuna kumuteteza, chifukwa kale ana ankafa ambiri. Koma ine amene ndakalamba pano ndikuti mayi ameneyo muloleni alire. Miyezi yonse ija anali naye m'mimba, ankamumva akugunda. Ife sitinamuone koma iye ankamudziwa.

Ndipo musaganize kuti amayi akalewo chisoni chawo chinkangosowa. Ankachiika m'mayina. Mwana wobadwa pambuyo pa maliro ankatchedwa Misozi, Chisoni, Masiye, Mabvuto, Masautso. Kumene ana amwalira motsatizana mumamva Malizani, ngati kuiuza imfa kuti tenganso uyu umalize. Tikambenji ndi dzina la munthu amene wathedwa mawu. Mayi amene analetsedwa kubuma ankaitana dzina limenelo m'mawa ndi madzulo, mudzi wonse ukumva.

Wa njinga wa ku Kapata: Ngakhale komboni ina muno m'Chipata ndi Nabvutika. Timangoitchula tikamanyamula anthu osaganizako.

Mphunzitsi wa ku Katete: M'rejisitala yanga mayina oterewa akuchepa. Tsopano ndi Madalitso, Chimwemwe, Mphatso, ndi achizungu ambiri. Mwina n'zabwino kuti mwana asasenze maliro a makolo ake. Koma ndikufunsa, chisoni chimene chinkalowa m'mayina chija tsopano chikupita kuti?

A Tembo a ku Petauke: Chikupita pa Facebook ndi pa WhatsApp, aphunzitsi. Chithunzi cha malemu, kandulo, ndi zilembo zachizungu zofupikitsa. Sindikunyoza, chifukwa uthenga ukufika msanga kwa abale a ku Lusaka, ku Kitwe ngakhale kutsidya kwa Mwami ku Mchinji. Koma zilembo zimenezo sizingalowe m'malo mwa kugwada pakhomo. Ndipo ulemu wa mawu ukutayika. Munthu safa ngati nkhuku, amamwalira. Timati atisiya, atsikira kuli chete, kwagwa zovuta. Mverani mauthenga a maliro pa Breeze FM kapena Radio Maria, mudzamva momwe owerenga amasankhira mawu. Kale wopita kukanena uthenga sankangofika n'kuponya. Ankakhala pansi, kulonjerana, n'kuyamba kuti matenda aja akula, kuti womvayo akonzeke. Lero mwana amaona chithunzi cha bambo ake pafoni ali m'kalasi, wina wathamangira kulemba abale asanauzidwe.

Namwino wa ku Chipata: Zimenezo zikuchitikadi, ndipo ena amakomoka. Chonde dikirani banja lilengeze.

Mkulu wa mpingo wa ku Kasenengwa: Ndibwerere kwa bambo a ku Sinda. Chisoni cha maliro tinachiikira ndi pothera. Pali kumeta, pali tsiku limene wamasiye amamasulidwa, pali kumanga chiliza patapita chaka kapena kuposerapo, abale n'kusonkhananso. Zonsezi zimauza wofedwa kuti wayenda mtunda wakuti, ndipo anthu akukuona. Wotaya mtima chifukwa cha ngongole, ukwati wotha, ntchito yotha, kapena mwana amene wamaliza Giredi 12 n'kukhala zaka pakhomo, alibe tsiku loyambira ngakhale lothera. Ine ndikapempha kumpingo kwathu kuti gulu loyendera odwala liziyenderanso amene angosowa osadwala. Ndipo tikafika tisayambe ndi kufunsa chifukwa chimene sakubwerera kutchalitchi.

ANaPhiri a ku Chadiza: Mukapita mutenge abambo anzawo. Mwamuna sangatsegule pamaso pa gulu la amayi a chitenje chofanana. Ndipo musapite manja okha, tengani kantchito kochitira limodzi monga anachitira alamu aja.

Wa njinga wa ku Kapata: Anamwino, ndili ndi funso ndipo si la mawu chabe. Pali mnzanga amene tinkaima naye pa siteji. Anatenga njinga yamoto pangongole, inabedwa, mwini ndalama akumulondola. Anayesa kubetcha kuti abweze, zinapitanso. Sabata yatha anandipatsa jekete lake la mvula ndi pampu, akuti sazifunanso. Dzulo anandilembera kuti mudzandifuna. Ine ndinamuyankha ndi tinkhope toseka. Pamene ndawerenga zimene mwalemba thupi langa lazizira.

Namwino wa ku Chipata: Musadikire mawa. Muimbireni tsopano. Akapanda kuyankha pitani kumene amakhala. Mukamupeza musamukalipire, musamulalikire, musamuuze kuti ena ali ndi mavuto oposa ake. Mufunseni mwachindunji monga ndanenera, ndipo mumvetsere mpaka amalize. Usiku uno asagone yekha. Ndilembereni kumbali ndikupatseni nambala yanga.

Mlimi wa ku Sinda: Pita mwana wanga. Ngati akufuna kulankhula ndi munthu amene anadutsamo, umupatse nambala yanga, ndakutumizira kumbali.

Wa njinga wa ku Kapata: Foni yake yazima. Ndanyamuka.

Amake mapasa a ku Mchini: Tikudikira, mutiuze.

Wa njinga wa ku Kapata: Ndamupeza ali m'nyumba, chitseko chotseka, sanadye kuyambira dzulo. Ndamufunsa momwe munanenera. Wakhala chete nthawi yaitali kenako wavomera, ndipo walira kwambiri. Panopa tili kwathu, amayi akuphika. Achimwene ake ndawaimbira, akubwera kuchokera ku Chipangali mawa. Akuti kuchipatala akuopa kuti amutseka.

Namwino wa ku Chipata: Mwachita bwino kwambiri. Muuzeni kuti akukacheza ndi mlangizi m'chipinda cha awiri, ndipo inu mukhoza kulowa naye ngati iye afuna. Mulawire m'mawa mzere usanatalike, mutenge khadi lake la kuchipatala ngati ali nalo. Mukafika pageti mundiimbire ndidzakutengeni. Za ngongoleyo achimwene ake akafika mukhale pansi atatu, mupite limodzi kwa mwini ndalama, asapite yekha.